Bokosi Lopanda Dzina

Ku Ulongwe magetsi abwera usiku anthu atagona,
ndipo ndayatsa kompyuta pa thumba la kachewere
poti tebulo tinabwereketsa kumaliro.

Ntchito yanga ndi iyi:
kulowetsa buku la amalume a Kandido m'foni.
Buku lija lothothoka chikuto,
lonunkha dizilo ndi anyezi,
lomwe lasenza msika wa kachewere
kuyambira ine ndisanamere mano.

Ndinayamba ndi kusadza nthambi.
Mlimi ndinamutcha nambala.
Thumba ndinalitcha makilo.
Msewu wa ku Domwe, uja umameza matayala mu Febuluwale,
ndinautcha makilomita akutiakuti,
ndipo matope onse anauma pomwepo, pa galasi.

Masiku ano sindilembanso ndekha.
Ndikangoti, ndikufuna powerengera ngongole,
makina amalavula mizere makumi anayi
tiyi ndisanamupemerere n'komwe,
yoyera mbee, yondondozana ngati mano oikirira.
Kusukulu ku Tete, m'ng'anjo ija,
kadontho kamodzi kosowa
kankandigoneka ndi njala masiku atatu.
Ndikakapeza ndinkathamangira panja
kukauza ngakhale mbuzi.
Lero ndiuze yani? Ndati ndapeza chiyani?

Koma tsamba 61 lakana kulowa.

Pali dzina la a Jenoveva a ku Tsangano,
matumba asanu ndi anayi,
ndipo m'mbali, ndi pensulo, kambalame.
Mtengo palibe. Tsiku palibe.
Ndafunsa makina: kambalame n'chiyani?
Ayankha mwaulemu, mosaphethira:
mwina n'kuchotsera mtengo,
mwina dzanja linaterereka,
mwina tingokafufuta.

M'mawa ndawapeza amalume pa sikelo
akukodola singano kuti ibwerere pa ziro.
Aseka mpaka kutsamwa.
"Ameneyo usamutchulire za ndalama
mwana wake asanatuluke m'chipatala.
Mbalame saiitana, imatera yokha."
Nanga kansomba ka pa tsamba 80?
"Ameneyo ngoterera. Landiriratu."

Ndabwerera pa thumba langa.
Ndauza makina: tsegulani bokosi lina,
lopanda dzina, losalowa m'masamu,
losatumiza uthenga wa ngongole Lachisanu,
loti chala chizijambulamo zomwe chafuna.
Andichenjeza kuti bokosi lotere lidzasokoneza malipoti.
Ndati ndamva.
Andichenjezanso.
Basi ndawakhazika pambali, ndalemba ndekha
mizere khumi ndi iwiri yokhotakhota,
itatu yolakwika,
ndipo ndalimbana nayo, thukuta kamukamu,
mpaka tambala wa kwa a Fulujensiyo
wayamba kunama kuti kwacha.

Sindikuwanyoza makinawa.
Khoma lonse amanga ndi iwo, denga ndi iwo,
ine ndangoboola kazenera.
Nawo mawaya ochokera ku Songo
amadutsa pamitu pathu osafunsa maina,
komabe ndi omwewo andiunikira usiku uno.
Chondiopsa n'chakuti tsiku lina
ndidzafika pa tsamba ngati lija ndili wotopa,
makina n'kunena kuti tingofufuta,
ine n'kuvomera ndi chala chimodzi
ndikuyasamula.

Loweruka, pakati pa malole ndi fumbi,
ndawapatsa amalume foni.
Apukuta chala pa buluku,
chala chija chokakala ngati chitsononkho,
achiyendetsa pa galasi atatulutsa lilime.
Chatuluka chinthu cha mwendo umodzi,
mlomo kumsana.

"Foni yakoyi siidziwa kujambula."
Ayesanso. Chatuluka ngati khasu.
"Chabwino. Ine ndikudziwa kuti ndi mbalame."

Madzulo lipoti latuluka lokha, pa nthawi yake:
alimi makumi atatu ndi mmodzi,
makilo onse, mametikali onse, mpaka kakobidi.
Pansi penipeni, m'zilembo zofiira,
makina alemba kuti pali chinthu chimodzi
chomwe alephera kuwerenga.

Ndachisiya chofiira chomwecho.